Netiweki ya Wamawotchi

Mwana wathu wamkazi anagulira mayi ake foni yatsopano. Akuti ndi ya 5G, intaneti yothamanga imene angoyamba kumene kuika m'tauni muno. Koma itafika inkangoimba basi, zithunzi za adzukulu osatseguka.

M'nyumba muno ine ndakonza chilichonse: wailesi, loko, mpope wodontha. Koma mkazi wanga sanandifunse n'komwe. Anakulunga foniyo m'kansalu n'kupita nayo kwa Wamawotchi, bambo wa pakona amene kale ankakonza mawotchi, pano akuti ndi katswiri wa mafoni. Chimwalirireni mkazi wake, munthuyu amadzola mafuta onunkhira ngati mnyamata.

Ndinatsatira n'kuima kuseri kwa shopu ya telala. Mitu yawo inatsala pang'ono kugundana pa kagalasi ka foniyo.

"Apa mayi, pa mtundu wa netiweki, tisankhe 5G," anatero Wamawotchi. "Apa pa APN, polowera intaneti, tilembe zimene kampani ya netiweki yanu imafuna. Dinani nokha."

Kenako anamugwira chala! Mkazi wanga anaseka mpaka kupukuta misozi. Kuseka kotero ine ndinakumva kalekale.

M'mawa mwake iye akusamba, ndinatenga foniyo. Ndinafufuza mpaka kupeza pamene panadutsa zala za munthu uja. Ndinafufuta zonse. Chinthu choikidwa ndi mwamuna wina m'nyumba mwanga ndingachikhulupirire bwanji? Ndinkati ndilembemo ndekha, mkazi wanga aone kuti mwamuna ali naye. Ndinalemba dzina la kampani, osatheka. Ndinalemba langa, osathekanso.

"Abambo, mwagwira foni yanga?" anafunsa atatuluka kubafa.

"Zokonza anthu a m'misewu sizikhalitsa. Isiyeni, ndikonza."

"Mukonze inu? Wailesi ija mpaka lero imalankhula tikaimenya khofi."

Anamuimbira. Wamawotchi anabwera atavala jekete, n'kukhala pa mpando wanga. Tiyi asanazizire n'komwe, adzukulu anali akukuwa m'foni.

"Achimwene, muno mwalowa khoswe wa zala zikuluzikulu," anatero Wamawotchi akundiyang'ana m'manja.

"Makoswe amabwera ndi alendo," ndinayankha.

Anangomwetulira n'kuthira shuga wina m'kapu. "Musadandaule mayi. Popeza ikusokonekera yokha chonchi, ndizibwera Loweruka lililonse kudzaiona."

"Muzibwera ndithu," anatero mkazi wanga, maso ali pa adzukulu. "Abambo, tawaperekezani alendo."