Mavoti Amafuta

Amene analimbikira kuti kubwere makina owerengera mavoti anali Mayi Temwani eni ake. Chaka chatha anagwa pa chisankho cha wapampando wa bungwe la Amalawi a ku Leeds, ndipo sanasiye kunena kuti anawabera. "Munthu ali ndi m'bale wake, makina alibe," ankatero. Komiti itatopa nawo inabwereka makinawo, chibokosi chotuwa chomeza mapepala, pamodzi ndi mzungu wake woyendetsa.

Loweruka la chisankho anthu anadzaza holo ya tchalitchi, ena akadali m'mayunifolomu a ku ntchito yosamalira okalamba. Mayi Temwani anaima pakhomo ndi kabotolo ka mafuta odzozera. Amayi a gulu lawo la mapemphero, aja amasala nawo kudya Lachitatu lililonse, ankatambasula dzanja, iwo n'kumawadonthezera pa chala. Amuna awo, a Hudson, nawonso anatambasula lawo.

"Dzanja lodzozedwa silisochera," ankawauza.

Kuvota kutatha, makina anayamba kumeza mapepala, fwa fwa fwa. Mwadzidzidzi analira n'kulavula limodzi. Kenako lina, linanso. Mzungu uja analiunika pawindo, n'kunena kuti mafuta alowerera, makina sakuona pochongedwa. Amafutawo awerengedwe pamanja, aliyense akuona.

Mayi Temwani mtima unakhala pansi. Amenewo ndi anga onse, anaganiza, ndipo anasendera kutsogolo kwenikweni.

A Eston, mlembi wa bungwe, ananyamula loyamba ndi nsonga za zala n'kuwerenga mokweza: "A Ipyana." Amenewo ndiwo anali opikisana nawo. Lachiwiri, a Ipyana. Lachitatu, chimodzimodzi. Ha! Mwa amayi a mapemphero aja, wina anayamba kufufuza m'chikwama, wina akuti mwana akufuna kuchimbudzi. Anthu inu, kuseka kwa mano musamakukhulupirire.

Pa mulu wonse wa mapepala amafutawo, voti ya Mayi Temwani inapezeka imodzi yokha, ndipo anaizindikira ali pomwepo. Anachonga okha, ndi cholembera chawo chobiriwira.

Kugwa anakuzolowera. Chinawapweteka n'chakuti zala zonsezo anazigwira okha, chimodzichimodzi, akutchula mwini wake dzina pamaso pa Mulungu.

A Hudson anafika chozyolika, makiyi a galimoto ali m'manja. "Amayi, tiyeni kunyumba."

Mayi Temwani anayang'ana chala cha amuna awo chonyezimira chija.

"Pitani. Ine ndikwera basi."