Mthunzi pa Phapo la Kumanja

Anthu a kusukulu ya unamwino ndi ovuta, ndikukuuzani. Sati poti unakhoza bwino kusekondale basi bwera. Amafuna zithunzi, amafuna makalata, amafuna ulembenso mayeso awo olowera, ndipo usanakhale n'komwe pampando wa mayesowo amafuna dokotala akupime thupi lonse, akujambule ndi m'chifuwa momwe. Mzime anali atathana nazo zonse kupatula mayesowo ndi za dokotalazo, ndipo za dokotalazo sankaziwerengera. Mtsikana wokwera masitepe atabereka mwana kumbuyo, ndowa ya madzi ili m'manja, dokotala angamupeze ndi chiyani?

Ankamutcha Mzime chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa. Ankakhala m'zipinda ziwiri za pamwamba pa saluni ya achemwali ake, iyeyo, achemwaliwo, ndi mwana wake wamkazi wa zaka zinayi amene aliyense ankamuitana kuti Kanyerere, poti sankakhala malo amodzi. Bambo wa mwanayo tisamutchule, angationongere nkhani.

Achemwali anaitenga nkhani ya sukuluyi ngati yawo. Patatsala tsiku limodzi kuti akajambulitse zithunzi zomata pafomu, anamukhazika Mzime pampando wa musaluni kuyambira m'mawa.

"Mng'ono wanga sangakaoneke ngati wathawa moto," anatero, n'kumuluka mameshi onenepa ofika m'chiuno.

Mzime anadandaula kuti mutu ukulemera. Achemwali anati unesi nawonso ndi wolemera, ayambiretu kuzolowera.

Kuchipatala, tsiku lopimidwalo, mzere wa kochipinda chojambulira unafika mpaka panja. Makina anali atavuta m'mawa wonse, ndipo mnyamata wojambulayo ankangothamangitsa anthu ngati akukweza basi.

"Vulani bulauzi, valani ichi. Chifuwa pachitsulopo. Kokani mpweya, gwirani. Basi, wina alowe!"

Dokotala anali mayi wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Magazi anati ali bwino, maso ali bwino. Kenako anatsegula chithunzi cha m'chifuwa pakompyuta, n'kukhala chete. Dokotala akakhala chete, wodwala iwe yamba kupemphera.

"Mumatsokomola?"

"Ayi."

"Thukuta la usiku? Kuonda?"

"Ayi, adokotala."

"Pakhomo panu alipo amene anadwalapo chifuwa chachikulu?"

 Bambo ake a Mzime anamwalira ndi matenda amenewo chaka chathacho, ndipo amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwatayira chitini cholavulira anali iyeyo. Ndi pambali pa bedi lawo pomwe anaganizira zokhala namwino. Nthawi imeneyo achipatala anamupima iyenso n'kunena kuti alibe, koma ndani sadziwa kuti matendawa amatha kubisala?

Dokotala analoza ndi cholembera mthunzi wotalika, wotuwa, pa phapo la kumanja.

"Sindikunena kuti ndi chimenecho. Koma lero sindisaina. Tengani kabotolo aka, mutisiyire makhololo. Zotsatira zikatuluka mudzabwere, tidzajambulenso."

Chakudza sichiimba ng'oma. Mzime anatuluka m'chipatalamo n'kukakwera basi. Za sukuluzo zinamupweteka, inde, chifukwa popanda siginecha ya dokotala mayeso sakanalemba. Koma ali m'basimo chimene chinamuopsa kwambiri chinali china. Buku lake lokonzekera mayeso linali litamuphunzitsa bwinobwino mmene chifuwachi chimayendera: mumpweya, m'chipinda chotseka mawindo, ndipo chimakonda ana aang'ono. Kanyerere ankagona m'khwapa mwake, mphuno ili pakamwa pa amake penipeni.

Atawauza achemwali, iwo anakalipa.

"Zabodza zimenezo! Iwe wodya mbale ziwiri iwe? Wa chifuwa amaoneka choncho?"

Anakalipa choncho, kenako anakalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kwa nthawi yaitali, ndipo potuluka maso anali psuu.

Kuyambira tsiku limenelo Mzime anasamukira pansi. Saluni ikatsekedwa ankayala mphasa pakati pa mipando, mawindo onse ali pululu. Masana ankakhala pakhonde la kuseri, pamene achemwali ankayanika matawulo, masiki ili kukamwa, buku lili pamwendo. Mwana sanamuuze kanthu. Mwana wa zaka zinayi ungamuuze chiyani za mapapo?

Ndiye kuwerengako kunasanduka chilango. Mutu umene anafikapo unali wa kapumidwe, tsoka lakenso! Akawerenga za kutsokomola, kukhosi kunkayabwa mpaka atsokomole. Akawerenga za thukuta, ankadzigwira pamphumi n'kupeza chinyezi. Anayamba kudzipima lamba wa siketi m'mawa uliwonse. Matenda onse a m'bukumo anamupeza mlungu umodzi.

Achemwali sanalole kuti asiye. Ankaika mapepala a mafunso akale patebulo la zipeso, manja ali m'mutu mwa kasitomala, n'kumakuwa kudzera pachitseko cha kuseri.

"Iwe nesi! Mtima wa munthu uli ndi zipinda zingati?"

"Zinayi," Mzime anayankha ali kukhondeko.

"Wa amuna anga uli ndi khumi," anatero mayi wina mutu uli m'chowumitsira, "ndipo chipinda chilichonse muli mkazi."

Saluni yonse inagwa nacho chiseko. Mzime sanaseke. Ankaganiza kuti akuloweza zinthu za mayeso amene sadzalemba.

Chovuta kwenikweni chinali Kanyerere. Mwanayo ankabwera kukhondeko kambirimbiri, tsiku lina ndi chipeso, tsiku lina ndi nsapato yoti amumange.

"Pita kwa amayi aakulu," Mzime ankatero, nkhope atayang'ana kumbali. "Pita, ndikuwerenga."

Tsiku lina mwanayo anadzipana chala pachitseko. Anathamanga akulira, manja ali m'mwamba, kulunjika pamwendo pa amake. Nthawi yomweyo Mzime chifuwa chinamutsamwa, ndipo mantha anamuchititsa zimene sanachitepo chibadwire cha mwanayo. Anamukankha ndi chigongono.

"Choka apa! Sukumva?"

Kanyerere anagwa chokhala. Kulira kunaduka. Anawayang'ana amake, n'kudzuka yekha, chala chili m'kamwa, kukalowa musaluni. Kuchokera pamenepo sanabwerenso kukhondeko. Mzime ankamumva akusewera mkati, mwakachetechete, ndipo zinkamupweteka kuposa mthunzi uja. Analira m'masiki mwakemo mpaka inanyowa.

Tsiku la zotsatira linafika. Dokotala uja anayang'ana pakompyuta n'kunena kuti m'makhololo mulibe kachilombo.

Mzime anafuna kudumpha, koma dokotalayo anakweza dzanja.

"Ndi nkhani yabwino. Koma mthunziwo uyenera kutiuza kuti ndi chiyani. Pitani akakujambuleninso."

Ndiye kuti pali chinanso choposa chifuwa chachikulu? Buku lija linali ndi mutu wa zotupa, ndipo Mzime anali atauwerenga kawiri. Anayenda m'khonde la chipatala akudzimva ngati wanyamula mwala m'nthiti.

Tsikuli kochipinda chojambulira kunalibe mzere. Mnyamata uja anali atakhala phee, akumwa tiyi. Anamupatsa chovala chija, n'kumuimika pachitsulo, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ngati waima bwino.

"Tsitsilo kwezani pamutu, chemwali."

Mzime anayamba kusonkhanitsa mameshi. Mnyamatayo anayang'ana zingwe zonenepazo, n'kuyang'ana chithunzi chakale pakompyuta yake, n'kuyang'ananso zingwezo.

"Ulendo wathawu tsitsili linali lomweli?"

"Lomweli."

"Ndipo linali kumsana chonchi? Sindinakuuzeni kuti mukweze?"

"Munangoti ndikoke mpweya."

Mnyamatayo anadzikanda m'mutu. Anatsegula kabati, n'kutulutsa bandeji, n'kumupatsa kuti amangire tsitsilo pamwamba. "Aaa, koma inenso," anatero chapansipansi. Anajambula mosamala ngati akujambula mkwatibwi, kenako ananyamuka yekha kumuperekeza kwa dokotala.

Dokotala anaika zithunzi ziwirizo pamodzi. Chatsopanocho chinali mbee, nthiti zili ndondondo, mapapo onse awiri oyera. Anakulitsa chakalecho, n'kuvula magalasi, n'kuwavalanso. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka.

"Bwerani muone matenda anu," anatero.

Mzime anasendera. Atachikulitsa choncho, mthunziwo unkaoneka bwinobwino kupotana kwake, chingwe ichi pamwamba pa icho, mpaka kumapeto kumene achemwali anawotcha ndi kandulo kuti chisamasuke.

"Amene anakulukaniyo ali ndi dzanja," anatero dokotala akupukuta misozi ya chiseko. "Pepani kwambiri, mayi. Inenso ndinayenera kukufunsani tsiku lomwe lija. Mulibe kanthu m'chifuwamu. Kalembeni mayeso anu."

Mnyamata wojambula anapepesa katatu konse. Mzime sanamumve n'komwe. Mtima unagwa m'malo mwake ndi mphamvu moti anachita kukhala pampando, bandeji ili pamutu ngati wavulala, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anakoka mpweya wambiri, wonse umene unali m'chipindamo, ndipo palibe pamene panapweteka. Kukhosi kuja kunasiya kuyabwa pomwepo.

Masiki anaiponya m'bini ya pachipata. Atakwera basi anaiona ngati ikuchedwa, moti anatsikira panjira n'kuthamanga chidule cha kuseri kwa sitolo ya matayala.

Achemwali anali pakati pomutsuka mutu kasitomala. Ataona nkhope ya mng'ono wawo yopanda masiki, anasiya mpopi ukuthira madzi m'khutu mwa munthu.

"Nena msanga!"

"Ndi mameshi anu, achemwali."

"Mameshi anga atani?"

Mzime anafotokoza. Achemwali anagwira m'chiuno, kukamwa kuli yasa. Kenako anakhala pansi penipeni, pa tsitsi lometedwa, n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro.

"Mlungu wonse ine osadya chifukwa cha ntchito ya manja anga! Mulungu wanga ine!" Anamina, n'kuloza makasitomala. "Koma mwamva nonse? Zoluka ine zimaoneka ndi pamakina a kuchipatala. Wina adzandiuzenso kuti ndimadulitsa!"

Mzime anawasiya akuseka. Maso ake ankafuna munthu mmodzi. Anamupeza kuseri kwa mpando wa pakona, atakhala pansi, akusanja marola a tsitsi m'mizere.

"Kanyerere. Bwera, mwanangu."

Mwanayo anaimirira, koma sanasunthe. Anaika manja kumbuyo. Anayang'ana amayi aakulu, ngati akufunsa chilolezo, kenako anayang'ana pansi.

"Mwasiya kundida, amayi?"

 Mzime anagwada pasimenti ponyowapo. Mlungu wonse iye ankaopa kuti amupatsira mwana matenda, osadziwa kuti mwanayo wanyamula chinthu china yekhayekha, popanda womufunsa.

"Sindinakudepo, mayi wanga. Ngakhale tsiku limodzi. Ndimaopa kuti ndikudwala, ndimaopa kukupatsira. Bwera."

Kanyerere anabwera pang'onopang'ono, phazi limodzi, kenako linalo. Atafika pafupi anadziponya yense. Mzime anamukumbatira, n'kumupsompsona pamphumi, m'masaya, pamphuno, kumupumira kumaso dala, mpaka mwanayo anayamba kuseka n'kumati akumutekenya.

Mayeso anali adakali kutsogolo, ndipo kukhoza kapena kulephera palibe ankadziwa. Madzulo a tsikulo Mzime anatsegula buku lake pampando wa musaluni, Kanyerere ali pamwendo, manja atawakoleka m'khosi mwa amake osafuna kumasula. Mutu wa mwanayo unkaphimba theka la tsamba. Mzime sanamusunthe. Anawerenga theka limene linkaonekalo.