Ndalama za Lamulungu

Kiyi atasowa m'matumba onse a malemu, mayi wina wogulitsa mapepala osindikizira anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa wake.

Mkazi wa malemu anayang'ana kiyiyo, kenako anayang'ana mwini chikwama. Mumtima munali ngati mwathiridwa tsabola. Mayi ameneyu ndi yemwe analira pamaliro paja mpaka anthu kumanong'onezana kuti kodi wamasiye ndi uti. Lero watulukira ndi kiyi wa chipinda chimene iye, mkazi wa ukwati, sanapondemo n'kamodzi komwe.

"Anandisungitsa," anatero wamapepalayo, maso ali pansi.

"Ndikuona kuti anakusungitsani zambiri," anayankha wamasiyeyo. "Tsegulani, mwazolowera ndinu."

M'shopu yosindikizira ya malemuyo anali anayi: wamasiyeyo, mwana wake wachisamba amene anali mphunzitsi, mlamu wake yemwe anali mng'ono wa malemu, ndi mayi wamapepala. Malemuwo anthu ankangowatchula kuti a Inki, chifukwa zala zawo sizinayerepo, ngakhale pa tsiku la ukwati wawo. Ankasindikiza makhadi aukwati, malisiti ndi mapologalamu a maliro. Koma Lamulungu lililonse akadya chamasana ankabwera kudzadzitsekera m'chipinda chakuserichi, ndipo pobwerera kunyumba ankaimba likhweru. Mwamuna wochokera kuntchito Lamulungu akuimba likhweru, mkazi aliyense amadziwa kuti pali nkhani. Akawafunsa ankangoti, "Ntchito, mayi." Iye ankawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa, iwo n'kuseka. Zaka zonsezi m'maganizo mwake chipindachi chinali ndi bedi, ndipo ankadziwa ndi mtundu wa nsalu yake yomwe.

Chitseko chinatseguka. Bedi munalibe. Munali tebulo lalitali, nyali yoweramira pansi, galasi lokulitsira zinthu, timabotolo ta inki ndi tizitsulo tozokotedwa bwino. Pachingwe chodutsa pakati pa chipinda panali ndalama zamapepala zopanidwa ndi mapegi ngati matewera. Mlamu anakoka dirowa imodzi, nayonso inali yodzaza mpaka pakamwa.

Mphunzitsi anathamangira kukatseka chitseko chakumsewu.

"Amayi, izi n'zakundende. Zikamveka, ine ntchito yanga yatha, inunso akutengani."

"Ndende ya chiyani, mwana iwe?" anatero mlamu, atayamba kale kunyowetsa chala. "Achimwene atisiyira chuma, iwe ukuti ndende? Timangosakaniza ndi zenizeni pang'onopang'ono. Ndani amayang'anitsitsa ndalama pamsika pali piringupiringu?"

"Tayang'anitsitsani ndinu, bambo aang'ono. Ndalama iyi inasiya kugwira ntchito ine ndili kusekondale."

Mlamu anaiyandikiza kumaso. Anafwanthula dirowa yachiwiri, yachitatu, anayang'ana ndi pansi pa tebulo pomwe. Zonse zinali za mtundu umodzi, ndalama yakale yobiriwira ija imene inasinthidwa kalekale. Anakhala pansi ngati munthu amene basi yamusiya.

"Opanga ndalama zachinyengo ine ndimawadziwa," anatero. "Wina n'chifukwa cha njala. Wina akufuna galimoto asanatuluke thukuta. Wina amangotumidwa ndi mabwana osaoneka nkhope, iye n'kukawolera kundende. Onsewo ndimawamvetsa. Nanga munthu wopanga ndalama yosagula ngakhale machesi, timuika gulu liti? Alamu, amuna anu mutu unkagwira?"

Wamasiye sankamva. Maso ake anali pa mipando. Inali iwiri, yoyang'anizana, ndipo pashelefu panali makapu awiri.

"Mpando uwu ndi wa ndani?"

"Ndinkakhalapo ndine," anatero wamapepala. "Ndikabweretsa mapepala amene aitanitsa, ankandiuza kuti nditsinzine. Ankandipatsa ndalama ziwiri, yeniyeni ndi yawo, kuti ndizikhudze n'kunena yabodza. Ndikaipeza ankaing'amba pakona, n'kuyambiranso. Basi, mayi. Palibenso china."

Palibenso china! Bedi likanakhala bwino, chifukwa nsanje ya bedi anali ataizolowera. Iyi inali yatsopano ndipo inamupweteka kwambiri. Pa utsikana wake ankalandira ndalama m'golosale yaikulu, ndipo zala zake zinali ndi mbiri m'tauni monse. A Inki anamuona koyamba ali pamzere wolipira, tsiku limene anabwezera bambo wina wa taye ndalama yabodza osaiyang'ana n'komwe. Anangoitikita kamodzi ndi chala chachikulu n'kuikankhira kwa mwini wake. A Inki anabweranso mawa lake kudzagula singano imodzi, mkucha wakenso ina, mpaka anamukwatira.

"Zala zanga zinali kunyumba," anatero wamasiyeyo. "Zinkachapa malaya awo a inki. Iwo ali kuno akugwiritsa mkazi wina chinthu chimene ankachikonda kuposa tonsefe. Inu muli ndi chiyani m'manja mwanumo chimene ine ndilibe?"

"Amayi, chonde," anatero mphunzitsi.

"Khala chete. Ndikufunsa mkazi mnzanga."

Wamapepala anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ine ndinali woyesererapo chabe. Ankati mayeso enieni ndinu. Ankati pa dziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene sanganamizidwe, ndipo anamukwatira okha. Ndalamayo itasinthidwa ndinawauza kuti asiye. Anati iwo sakufuna kugula kanthu, akufuna tsiku limodzi mudzalandire yawo osaibweza."

"Bodza. Sanandipatsepo."

"Mwezi watha anandipatsa kiyiyu. Anati ntchito yatha, ndipo chikawachitikira china ndidzawotche zonse musanavutike nazo. N'chimene ndabwerera."

Wamasiye anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mwezi watha. Tsiku lina akusita zovala, a Inki analowa, chifuwa chitawayamba kale, n'kumupatsa kandalama kakale kokwinyika. "Taonani zimene ndapeza m'jekete yakale." Iye anakatikita mwachizolowezi, n'kunena kuti akanakapeza kale bwenzi atagulira shuga, kenako anakaponya m'kachikwama. A Inki anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Iye anakwiya tsiku lonse, poganiza kuti akumbukira za wina.

Sananene zimenezi kwa aliyense m'chipindamo. Wamapepala anali atadziwa kale zokwanira, izi zokha zikhale zake.

"Tenga mgolo uli kuseriwo," anauza mwana wake. "Zonsezi uwotche, tizitsuloti uphwanye ndi hamala. Alamu, zimene mwaika m'thumba la malayazo zibwerere."

Mlamu anazitulutsa akung'ung'udza kuti anafuna zachikumbutso basi. Iye ndi mphunzitsi ananyamula madirowa kupita nawo panja. Wamapepala anayamba kuchotsa mapegi pachingwe.

"Zisiyeni, ndichotsa ndekha. Kiyi muike patebulopo."

"Mayi, ine sindinakulakwireni."

"Ndamva. Koma Malamulungu anga munadya ndinu. Pitani bwino."

Atatsala yekha anakhala pampando wa malemu. Fungo la mapepala oyaka linayamba kulowa pawindo. Pakona pa tebulo, pansi pa kagalasi, panali ndalama imodzi yakale, yeniyeni imene a Inki ankaonera. Anaisolola, natulutsa ya m'kachikwama ija. Anazisakaniza kumbuyo monga amachitira ana pa masewera, kenako anatsinzina.

Anatikita yakumanja. Anatikita yakumanzere. Anayendetsa chala m'mphepete, pakati, pa timizere totukuka paja, anazikhwathulitsa pafupi ndi khutu, anazinunkhiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anadekha mpaka utsi panja unayamba kuchepa. Zala zimene anthu ankati sizinganamizidwe zinangokhala chete.

"Mbala inu," anatero chapansipansi.

Anatsegula maso, koma nawonso sanamuthandize. Tsopano sankadziwanso kuti ya amuna ake ndi iti. Anazipinda zonse ziwiri pamodzi, n'kuziika m'kachikwama limodzi ndi kiyi uja.