Dzenje la Beatrice Litadzaza Madzi

Beatrice ndi mwamuna wake Elson atasamukira ku Lupaso, mumzinda wa Mzuzu, kuchokera ku Chikwawa, anakumba dzenje kuseri kwa nyumba. Ankatayamo makoko a nthochi, masamba ndi zitosi za nkhuku kuti apange manyowa a dimba lawo la mpiru, monga ankachitira kwawo.

Koma mvula ya ku Mzuzu si ya ku Chikwawa. Dzenje lija linadzaza madzi, zonse zinasanduka matope onunkha. Ntchentche zinafika mpaka pakhonde pa eni nyumba, a Gondwe.

"Loweruka likubwerali ndisadzapeze fungo ili," anatero a Gondwe. "Apo ayi, dimba lonse lichoke."

Beatrice anada nkhawa, poti ndiwo za banja lonse zinkachokera m'dimbamo. Ali chiimire padzenjepo, mnansi wawo, anyaMhango, anasuzumira pampanda atagwira mphuno.

"Monire amama! Kodi mwayamba kuweta achule?"

"Ndi kompositi iyi," anayankha Beatrice. "Kwathu timakumba chonchi kuti zisaume."

"Kwanuko dzuwa limawotcha. Kuno madzi ngambiri chomene. Manyowa amafuna mpweya, inu mwawamiza. Tengani khasu."

Anavuula zonse n'kukwirira dzenjelo. Pamalo okwera anayala timitengo, kenako udzu wouma, masamba aawisi, zitosi, phulusa pang'ono ndi dothi. Anabwereza choncho mpaka mulu unafika m'chiuno. AnyaMhango anaufunditsa masamba a nthochi, nazika ndodo pakati.

"Pakatha masiku atatu muzule ndodoyi. Ikafunda, zili bwino. Muzitembenuza mulu masabata awiri aliwonse. Mafupa ndi zotsala za nsomba ayi, zimaitana makoswe."

"Yewo chomene, amama," anatero Beatrice, onse n'kuseka Chitumbuka chakecho.

Loweruka a Gondwe anafika. Ananunkhiza uku ndi uku, fungo osalimva. Elson anazula ndodo ija.

"Tagwirani, adada."

"Yafunda! Mwasonkhamo moto?"

"Ayi, manyowawa akupsa okha."

A Gondwe anagwedeza mutu. "Dimba likhale."

Patatha miyezi itatu, manyowa anapsa, akuda bii, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango ya Kaning'ina. Mpiru unatambalala masamba mpaka kugawirako anansi. Tsiku lina a Gondwe anafika atanyamula thumba la masamba ouma.

"Awa ndinkangowatentha," anatero. "Mundiphunzitse nanenso."

Kumalo kwa mvula yambiri, manyowa tiziunjika pamulu, osati m'dzenje. Tiziwafunditsa, tiziwatembenuza, ndipo zinyalala za pakhomo zidzatidyetsa.