Gemu M'thumba la Chimanga

Boaz anabwera nayo kuchokera ku Lusaka: gemu yogwira m'manja, yotambalala ngati thabwa lodulirapo anyezi. Mkazi wake Mainess ataigwira koyamba anayamba wadziseka yekha. Manja ake ndi aang'ono kuyambira kale, moti ndi mphete yaukwati yomwe anachita kukaichepetsa. Akagwira m'mphepete, chala chachikulu sichinkafika pa mabatani. Akati atambasule chala, chigemucho chinkapendekeka kufuna kugwa. Kagalimoto ka pagalasipo kankangothera m'ngalande basi.

"Ikani pa pilo, amake Mwiza," anatero Boaz. Anaika. Mkono unawawabe, kagalimotonso kanagwabe.

Kenako kunabwera Esnat wa nyumba yoyandikana nayo m'komboni ya Nabvutika momwemo, akuti kudzabwereka sefa. Mkazi ameneyu ankasewera mpira wamanja kusukulu, ndipo manja Mulungu sanamumane. Chigemu chija chinakhazikika m'manja mwake ngati anabadwa nacho. Sefayo anaiiwala pakhonde pomwepo.

Kuyambira tsikulo, Boaz akangoweruka kuntchito, Esnat uyu watulukira. Ankakhala pabenchi n'kumalandirana gemuyo, mapewa atagundana, akufuula limodzi pa kona iliyonse. Mainess nsanje inamugwira. Malo a pabenchiwo anali ake! Ankayang'ana timanja take n'kutitukwana chamumtima: mukanangotalikako pang'ono, bwenzi ndili ine pamenepo.

Loweruka m'mawa anaikulunga gemu ija m'chitenje n'kuikwirira m'thumba la chimanga. Ichoke, mwamuna wanga abwerere.

Boaz anasuzumira pansi pa mpando, n'kufunsa kamodzi kokha, basi osafunanso. Mainess zinamudabwitsa, koma anakondwera. Masana anasamba, navala bwino, nati atsuke makapu kaye kenako akakhale pamalo pake.

Ali kutsuka anamva mawu panja.

"Odi! Lero tiona amene ali dolo, aBoaz."

"Yasowa gemu ija, a Esnat."

"Aa, zilibe kanthu."

Benchi inalira. Wakhala.

Mainess anadikira kuti mlendoyo atsanzike, koma ayi ndithu. Nkhani zinayamba, kuseka kunabwera, kuseka komwe kuja, mwinanso kuposa. Anasuzumira pawindo. Mapewa anali atagundana monga mwa masiku onse, ndipo poti panalibe galasi loyang'anapo, ankayang'anana okhaokha.

Mtima unamuwawa kuposa kale lonse. Timanja take ankatinamizira. Tinalibe mlandu ndi pang'ono pomwe.

Anapita pathumba paja, napisa mkono mpaka m'chigongono. Anasansa fumbi la chimanga, natuluka atainyamula ndi manja awiri.

"Nayi, atate a Mwiza. Ndaipeza."

"Inali kuti?"

Mainess anaiika m'manja mwa Esnat, m'zimanja zija, n'kuimirira pomwepo mpaka maso onse anayi atatsikira pagalasi.