Mawu a Mai Telala m'Sewero la Malemu

"Yambaninso pamene paja," anatero achemwali a malemu atagwira m'chiuno. "Mlamu amve yekha zimene achimwene anatichita."

Mai Telala anali atakhala pafupi ndi makina awo osokera, omwe anali chivundikirire kuyambira tsiku limene amuna awo anamwalira. Pabalaza panali padakali matiresi a anthu obwera kumaliro. Pakati pa matiresiwo panaima anthu awiri a gulu la zisudzo la malemu: mtsikana wa kusaluni, amene ankasewera ngati mkazi wapabanja, ndi makanika wina wamanyazi, amene ankasewera ngati mwamuna wake. Anabwera kudzapempha chilolezo choti akaonetse sewero lomaliza la malemu Loweruka likubweralo. Malemu sankalemba masewero awo. Ankangoika mawu m'kamwa mwa munthu, kubwerezabwereza mpaka atakhazikika.

Mtsikana uja anakhosomola, n'kuyamba mokweza: "Musavutike, bambo. Ine ndinazolowera kudya ndekha. Chanu chili patebulo, ndavundikira."

Mai Telala anamva makutu kutentha. Mawuwo anali awo, ndendende. Anawanena tsiku lina malemu atachedwa kokonzekera sewero, ndipo bambowo anangoti zikomo, n'kusamba m'manja.

"Mwamva?" anatero alamu awo. "Za m'nyumba zikayanikidwe muholo, anthu azitiseka? Misozi sinaume n'komwe. Kanani, mlamu."

Koma Mai Telala sanadziwe kuti akwiyire chiyani. Zaka zonsezi ankayesa kuti akuyankhula ndi khoma, osadziwa kuti khomalo likumva bwinobwino. Nanga bambowo ankamvetsera chifukwa zikuwakhudza, kapena ankangotola mawu monga mmene munthu amatolera zidutswa za nsalu pansi pa makina? Zinawapweteka, komanso penapake zinawasangalatsa, ndipo anachita manyazi ndi kusangalalako.

"Anthu amaseka pamenepa?" anafunsa.

"Titayesera pagulu, azibambo anaseka, mayi," anayankha mtsikanayo. "Azimayi sanaseke. Anangoti mmm."

"Nanga iwe ukukuwiranji? Mawu amenewo munthu sakuwa."

"Ndi mantha, mayi. Malemu a Dayirekita athu ankandikalipiranso zomwezo. Ankati mkazi akati 'musavutike' motsitsa mawu, ndiye kuti mtima unapsa kalekale. Ankati ndiziyang'ana mbale, ndisamuyang'ane mwamuna."

"Ndiye ankadziwa?" anafunsa Mai Telala. "Ankadziwa, n'kumangosamba m'manja?"

"Mlamu, nkhani si imeneyo," anatero achemwali a malemu. "Nkhani ndi mbiri ya banja."

"Banja lake liti, alamu? Amene ankadya yekhayo ndine."

Achemwali aja anayamba kupinda bulangeti lomwe linali lopindapinda kale.

Mai Telala anatembenukira kwa makanika. "Nanga inu, a mwamuna, mumayankha chiyani?"

Makanikayo anakanda kumutu. "Palibe, mayi. Tinayesa mayankho ambirimbiri, onse ankawakana. Lina ankati ndi bodza, lina ankati lachedwa. Mapeto ake anati mwamuna ameneyu pakamwa pake m'polemera, ndiye angochita chinthu."

"Chinthu chanji?"

"Malemu ankayamba achita okha chinthucho, tsiku lililonse lokonzekera. Ine ndinkachita kuwakumbutsa kuti malowo ndi anga."

"Chitani ndione."

Makanika anayang'anayang'ana, n'kutenga mbale yopanda kanthu imene wina anaisiya pawindo, pamodzi ndi masipuni awiri. Anakoka kampando mpaka pafupi ndi mtsikana uja, amene tsopano anali atamufulatira. Anakhala pansi, n'kuika mbale pakati pawo. Kenako anakankhira sipuni imodzi kumbali ya mkaziyo pang'onopang'ono, n'kuika manja pamaondo.

"Basi?" anafunsa achemwali a malemu.

"Basi. Ankati ndisadye mpaka mkazi atayamba, ngakhale anthu atope atuluke muholo."

Mai Telala anayang'anitsitsa sipuni ija. Ankafuna kutukwana, ankafunanso kulira.

"Kuno sanachitepo zimenezo," anatero potsiriza. "Ngakhale kamodzi."

"Ndiye tikane, eti mlamu?"

Mai Telala anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kuyang'ana makanika uja, amene anali akadali chikhalire, manja pamaondo.

"Loweruka mundisungire mpando wakumbuyo," anatero motsitsa mawu. "Ndipo iwe mtsikana, usafulumire kutenga sipuniyo. Adikire."