Jambulani Zimene Mwaona

Pa sukulu yonseyo maikulosikopu, chida choonera tinthu tosaoneka ndi maso, inali imodzi yokha, ndipo inkakhala m'kabati ya mu labotale itakulungidwa m'nsalu ngati khanda. Kiyi wa kabatiyo ankasunga mkulu wa maphunziro a sayansi, bambo wamtali amene ana ankawatchula kuti a Makiyi, chifukwa akamayenda m'khonde munthu ankayamba kumva makiyi a m'chiuno mwawo eni ake asanatulukire.

Mphunzitsi watsopano wa bayoloje ankaifunitsitsa maikulosikopuyo. Anali atangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi, ndipo anamupatsa ana a chaka choyamba ku sekondale, amene mawu oti selo anali asanawamvepo n'komwe. Sabata isanathe anawo anali atamutcha kale Madamu Onetsetsani, poti chilichonse chimene wabweretsa m'kalasi, kaya ndi tsamba, nthenga kapena chigoba cha nkhono, ankachikweza m'mwamba n'kunena kuti, "Onetsetsani!"

Chigawo chikamayamba, mphunzitsi aliyense wa sayansi ankalemba zolinga za maphunziro ake n'kukapereka kwa a Makiyi. Onetsetsani analemba zake mosamala: ana athe kusiyanitsa zamoyo ndi zopanda moyo, atchule mbali za selo, afotokoze mmene zomera zimapangira chakudya. Koma pamwamba pa zonsezo anaika ichi: mwana aliyense aone selo ndi maso ake, ndipo ajambule zimene waona, osati zimene zili m'buku.

A Makiyi anawerenga magalasi atatsetserekera pansonga ya mphuno.

"Madamu, cholinga choyambachi chikufuna makina anga."

"Makina a sukulu, Bambo."

"A sukulu, inde, koma akawonongeka amafunsa ine. Ana amenewa ndimawadziwa. Mukawauza kuti suzumirani, amasuzumira ndi diso lotsinzina n'kunena kuti taona, kenaka amakakopera chithunzi. Nanga tiwavutitsirenji makinawo? Apatseni chithunzicho akopere, mayeso akhoza."

"Angawa sadzakopera, Bambo."

A Makiyi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, ngati munthu amene wamva mwana akulonjeza kuti sadzadetsanso malaya.

"Chabwino. Lachinayi ndibwera nawo, ndipo ndidzakhala momwemo. Zikayenda, muziwagwiritsa ntchito chigawo chonse. Zikakanika, abwerera m'kabati, ndipo cholinga chimenechi muchifufuta."

Onetsetsani ankakhala kwa achemwali ake, m'kachipinda kamene kale munkakhala makina osokera. M'mawa wa Lachinayilo, akumanga chikwama, anamva mawu kukhitchini.

"Iwe! Anyezi uja ndinasiya pa shelefu wapita kuti?"

"Ndabwereka, achemwali."

"Anyezi amabwereka? Udzabweza bwanji?"

"Ndikufuna kakhungu kokha, kopyapyala kam'kati kaja. Ndikaonetse ana maselo."

Alamu ake, amene ankapukuta nsapato pakhomo, anadzutsa mutu.

"Alamu, sukulu yonse ija munapita ija, kuti muzikasenda anyezi? Mukanangotsala kukhitchini konkuno, bwenzi pano muli katswiri."

"Mu anyezi muli zinthu zimene inu simunazionepo, alamu."

"Ine anyezi ndimamuona m'mbale, ndipo sindinadandaulepo."

"Zipita, uchedwa," anatero achemwali ake, akumukonza kolala ya bulauzi ngati akadali mwana. "Koma usakalize ana a eni ake."

Mu labotale munali matebulo ataliatali okhala ndi zipsera za moto, sinki ya mpopi wodontha, ndi chithunzi chachikulu cha selo ya chomera chimene chinapachikidwa pakhoma kalekale mpaka chinasuluka. A Makiyi analowa atanyamula maikulosikopu ndi manja awiri, ana onse ali zii. Anaiika pafupi ndi zenera kuti kalilole wake atape kuwala kwa dzuwa, kenaka anakokera mpando pansi pa chithunzi chija n'kupinda manja.

Onetsetsani anadula anyezi, anasenda kakhungu n'kukayala pa kagalasi, anadonthezerapo madzi ndi ayodini. Ntchito imeneyi anaichita kambirimbiri ku koleji, koma lero anaichita mopupuluma chifukwa cha maso a a Makiyi. Kagalasi kovundikira kanamupulumuka n'kugwera pamwamba pa dontho lija kuti thapsa. Anasuzumira msanga. Mtima unakhala pansi: maselo analipo, achikasu, atandondozana ngati njerwa za pakhoma. Cha m'mphepete munali timathovu ta mpweya, koma iye anati zimenezo n'zazing'ono.

"Mabuku onse tsekani. Muzibwera tebulo limodzilimodzi. Aliyense asuzumire, abwerere pamalo pake, ajambule. Osauzana."

Woyamba anali mnyamata wamanja akuluakulu amene anzake ankamuitana kuti Goloboyi. Anafika n'kuigwira maikulosikopu ndi manja onse awiri ngati akuwakha mpira.

"Osagwira! Diso lokha!"

Goloboyi anachotsa manja, anasuzumira, anakanda mutu.

"Waona?"

"Ndaona, Madamu."

Mzere unayamba kuyenda. Pa nthawi yomweyo a Makiyi anamukodola Onetsetsani n'kuyamba kumufunsa za cholinga chachiwiri ndi chachitatu, kuti adzaziphunzitsa liti ndiponso adzayesa bwanji. Iye ankayankha diso lina lili kwa iwo, lina lili kumzere.

Itafika nthawi ya mtsikana wolongolola amene ankatchedwa Wailesi, anangosuzumira n'kukuwa.

"Iii, Madamu! Zimenezi ndiye timadyazi? Zili ngati..."

"Usanene! Ukanena, anzako ajambula zimene wanena iwe. Pita ukajambule."

Wailesi anagwira pakamwa ndi manja awiri n'kubwerera kumpando, masaya atatupa ndi nkhani. Anzake anafa nacho chiseko, poti aka kanali koyamba kumuona atazimitsidwa.

Onse atatha, Onetsetsani anatolera mapepala n'kukawapereka kwa a Makiyi. Iwo anawayala patebulo n'kuyamba kuwagawa pawiri. Mbali ina kunali njerwa zowongoka bwino, iliyonse ndi kadontho kake pakati. Loposa onse linali la mnyamata wotchedwa Pulofesa, amene anagwiritsa ntchito lula n'kulembanso mayina a mbali zonse. Mbali inayo kunali zinthu zozungulira za m'mphepete mokhuthala, mwakuda bii.

"Madamu, ndagonja," anatero a Makiyi. "Taonani izi. Theka lonse lajambula maselo enieni. Enawa ajambula matayala a njinga, koma m'kalasi simusowa otere. Makinawo ndi anu."

Onetsetsani anamwetulira. Anali atatsala pang'ono kuthokoza pamene maso ake anagwera pa matayala aja. Pa pepala la Wailesi panali tayala limodzi lalikulu ndi tiwiri tating'ono chakumanzere. Pa la Goloboyi chimodzimodzi. Pa la mtsikana wina wofatsa wa tebulo lakumbuyo, amene sakanatha kuonera kwa awiriwo, chimodzimodzinso. Anayang'ana njerwa za Pulofesa, n'kupezamo dzina la mbali ina ya selo imene iye anali asanaphunzitse. Anakweza maso, ndipo dzinalo linali pomwepo, pa chithunzi chosuluka chija, pamwamba pa mutu wa a Makiyi.

Anapita pazenera mwakachetechete n'kusuzumira. Munalibe selo ndi imodzi yomwe. Munali thovu limodzi lalikulu la mpweya ndi tiwiri tating'ono chakumanzere. Manja a Goloboyi aja anali atasuntha kagalasi, ndipo kalasi yonse inakhala ikusuzumira mpweya.

Chala chake chinali pafupi ndi kagalasiko. Akanangokakankha pang'ono chabe, maselo akanabwerera pakati, ndipo palibe akanadziwa. A Makiyi anali atanena kale kuti makinawo ndi ake. Koma anayang'ana Wailesi, amene anali atazolika mutu chifukwa chomva kuti wajambula matayala, n'kuyang'ananso Pulofesa atakhala mokhutira. Akangokhala chete, ana amene anajambula zoona aphunzira lero lomwe kuti maso awo ndi onama. Anabweza chala.

"Bambo, tabwerani mudzaone."

A Makiyi anavula magalasi, anawerama, anasuzumira nthawi yaitali. Kenaka makiyi a m'chiuno mwawo anayamba kulira okha, poti mapewa ndi mimba zinkagwedera ndi chiseko chimene ankayesa kuchimeza.

"Mpweya," anatero.

"Mpweya, Bambo."

Onetsetsani anatembenukira kwa ana n'kuwafotokozera zonse: kuti iye anagwetsa kagalasi molakwika mpaka katsekera mpweya, kuti kagalasiko kanasuntha, ndiponso kuti palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene waona selo.

"Ndiye kuti matayala athu aja ndi okhoza?" anafunsa Wailesi ataimirira kale.

"Si maselo. Koma ndi zimene zinali mmenemo."

"Mwamva inu a njerwa? Njerwa zanuzo mwaziumba kuti?"

Kalasi inaphulika. Ena ankamenya matebulo, ena ankabisa nkhope. Pulofesa anakweza mkono mwaulemu.

"Madamu, inenso ndinaona matayala omwewo. Koma ndinadziwa kuti ndi olakwa."

"Unadziwa bwanji?"

"Sankafanana ndi za pakhomazo."

"Ndiye pakati pa diso lako ndi khoma, unakhulupirira khoma?"

"Khomalo lakhala pa sukulu pano nthawi yaitali, Madamu."

Apa ngakhale a Makiyi analephera kudzigwira. Anaseka mpaka anapukuta misozi. Atapuma anati, "Ndinakuuzani, Madamu. Amakopera."

"Munanena, Bambo, ndipo ine ndinatsutsa. Akopera ndithu."

Ananena zimenezi mtima ukupweteka, poti ankaona makina aja akubwerera m'kabati. Koma belu linali lisanalire, choncho anapempha Goloboyi, amene anali wamtali, kuti atembenuze chithunzi chija chiyang'ane kukhoma. Anasenda kakhungu kena. Ulendo uno anaitana ana kuti amuzungulire aone mmene amachitira: anaimika kagalasi kovundikira chopendekera m'mphepete mwa dontho, n'kukatsitsa pang'onopang'ono ndi nsonga ya singano kuti mpweya uthawire mbali inayo. Sanapupulumenso, poti panalibenso choopa kutaya.

"Pulofesa, yamba iwe. Manja kumbuyo."

Pulofesa anasuzumira. Anakhalitsa mpaka am'mbuyo anayamba kung'ung'udza.

"Madamu," anatero osachotsa diso, "sizowongoka. Ina ndi yaitali, ina yapindika. Ndipo kadontho kaja sikali pakati, kathawira pakona."

"Ndiye ujambula chiyani?"

"Yopindikayo, Madamu. Kodi lula ndiisiye?"

"Isiye."

"Choka, nafenso tione!" anakuwa Wailesi. Atafikapo anangoti kukamwa yasa, ndipo kwa kanthawi sanatulutse mawu ngakhale amodzi. Goloboyi ananong'oneza mnzake kuti batire latha.

Belu linalira, koma palibe anasuntha. Ana a kalasi ina anayamba kusuzumira pamazenera kuti aone chimene chatsekereza anzawo pa nthawi yopuma. A Makiyi anali akadali patebulo, akutembenuza mapepala a matayala aja limodzilimodzi. Onetsetsani anapita n'kuima pambali pawo, atakonzeka kumva chigamulo.

"Ndakhala ndikuchonga zithunzi za maselo kuyambira musanayambe sukulu, Madamu," anatero. "Zonse zokongola, zonse zofanana. Koma chithunzi ichi mulibe m'buku lililonse. Mwana sangachikopere pena paliponse." Anaika pepalalo pansi. "Cholinga chanu chija lero sichinakwaniritsidwe. Theka lokha ndi limene linayang'ana."

"Zoona, Bambo."

"Ndiye musachifufute. Makinawo akhale kunja mpaka theka linalo liphunzire kuona."

Anayamba kulimbana ndi mphete ya makiyi ndi chikhadabo, kiyi wa kabati akukana kutuluka chifukwa chosazolowera. Atamutulutsa anamuika m'dzanja la Onetsetsani, amene anathokoza kawiri konse.

"Sabata yamawa muwaonetsa chiyani?"

"Madzi a pachithaphwi cha kuseri kwa labotale kuno. Muli tizilombo tosambira."

"Tamoyo? Toyenda?"

"Toyenda, Bambo. Tina timathamanga mpaka kutuluka m'diso."

A Makiyi anayang'ana pazenera, cha kumene kunali chithaphwicho, n'kukhosomola pang'ono.

"Lachinayi lomwelo? Nthawi imeneyo ndilibe kalasi. Mundisungire malo pamzere."